Kukuta mipando ndi katundu wa m'nyumba ndi golide: mafuta, akiriliki, madzi kapena penti?

Tsamba la golide weniweni ndi lopyapyala kwambiri moti pafunika masamba pafupifupi 10,000 osanjikizana kuti akwane milimita imodzi. Chinthu chopyapyala chotere sichibisa kanthu. Mzere umene sandipepa inasiya, timabowo ta thabwa, ubweya wa burashi umene unatsalira mu penti, zonsezi zimatulukira pamwamba ndipo zimaoneka kwambiri kuposa mmene zinkaonekera golide asanamatidwe. N'chifukwa chake mafelemu awiri okutidwa ndi masamba a m'kabuku kamodzi amatha kusiyana kotheratu: ina kuwala ngati chitsulo chosungunula, inayo kuoneka ngati pepala la switi lomata pa thabwa.

Musanasankhe njira, dzifunseni mafunso atatu. Chinthucho chizikhala panja kapena m'nyumba? Chizigwiridwa ndi manja tsiku ndi tsiku kapena chizingopachikidwa pakhoma? Nanga muli ndi masiku angati? Mayankho ake ndi amene akusankhireni chomatira, ndipo chomatiracho n'chimene chisankhe tsamba.

Dziwani kaye tsamba limene mwagula

Golide weniweni amagulitsidwa m'timabuku ta masamba 25, tsamba lililonse masentimita 8 mbali zonse, ngakhale ena amafika 8.5. Mukawerengera papepala, kabuku kamodzi kamakuta masikweya mita 0.16, koma pa ntchito masamba amakwerana m'mphepete, ena amang'ambika, ena amathera m'makona, choncho werengerani 0.12. Felemu ya galasi lodziyang'anira ya masentimita 60 ndi 90, yokhala ndi mphepete yotambalala masentimita 7, imadya timabuku tiwiri. Ikakhala yosemedwa maluwa, gulani titatu. Golide yense wa m'kabuku kamodzi sakwana ngakhale theka la galamu, ndiye musaganize kuti mpando wokutidwa ndi chuma chosungira; mtengo wake uli mu ntchito ya manja.

Makarati amanena kuchuluka kwa golide m'tsambamo. Wa makarati 24 ndi wosasakaniza. Wa 23 kapena 23.5 ndi amene amayenera panja chifukwa sada ndi mvula kapena dzuwa. Wa 22 ndi wokwanira m'nyumba. Wa 18 ali ndi siliva wambiri ndipo mtundu wake umapita ku ndimu, pamene wa 12, amene amatchedwa golide woyera, theka lake ndi siliva. Otsika kuposa 22 amada pakapita nthawi ngati simuwaphimba ndi vanishi.

Kenako pali tsamba loyerekeza golide, lotchedwa Dutch metal, limene mulibe golide ngakhale pang'ono. Ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki wochepa. Masamba ake ndi aakulu, masentimita 14 kapena 16, ndipo kabuku ka masamba 25 a masentimita 14 kamakuta pafupifupi theka la sikweya mita. Ndi lokhuthalako moti mumatha kulinyamula ndi zala, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Vuto lake ndi la mkuwa uliwonse: limada. Chala cha thukuta chikalikhudza lero, chidindo chake chimatulukira pakatha milungu ingapo, ngakhale pansi pa vanishi. Valani magolovesi a thonje, ndipo liphimbeni msanga chomatira chikangouma.

Mukakayikira zimene akugulitsani, tikitani kachidutswa pakati pa zala. Golide weniweni amazimiririka pakhungu, woyerekeza amafwanyika n'kusiya tizibenthu. Mukayang'ana kuwala kudzera m'tsamba lenileni, mumaona kuwala kobiriwira kukudutsa.

Masamba enieni amabwera m'mitundu iwiri. Omasuka amangogona pakati pa mapepala a kabuku, ndipo ngakhale mpweya wa m'mphuno umawauluza. Amafuna katsamiro ka chikopa kodulirapo, mpeni wosalala ndi burashi yafulati ya ubweya wa gologolo yonyamulira. Omatidwa pa pepala, amene pa kabuku amalembedwa kuti transfer leaf, mumawadula ndi sizasi n'kuwadinda ngati sitampa. Awa ndi abwino kwa woyamba kumene ndiponso pa ntchito ya panja pomwe pali mphepo, koma salowa bwino m'zosema zakuya ndipo sagwira ntchito pa njira ya madzi.

Njira ya mafuta

Iyi ndiyo tingalangize aliyense amene akufuna ntchito yokhalitsa popanda kuphunzira miyezi yambiri, ndipo ndi yokhayo yopirira mvula. Chomatira chake ndi mafuta a linseed ophika, amene pa chitini amalembedwa kuti oil size kapena mixtion. Amagwira pa thabwa, chitsulo, mwala ndi simenti, bola pamwamba pake pasamamwe.

Ntchito yambiri ili pamenepa, pa kutseka pamwamba. Kwechani thabwa ndi sandipepa ya 120, kenako 180, kenako 240. Mbawa ili ndi timabowo tambiri tooneka, ndipo mukapanda kutitseka ndi sanding sealer kangapo, golide amaoneka ngati khungu la lalanje. Paini ali ndi mfundo zotulutsa utomoni umene umaboola penti. Zipakeni kawiri shellac, utomoni wouma wotsekera thabwa, wosungunula magalamu 25 mu mamililita 100 a spiriti. M'mphepete mwa bolodi la MDF mumamwa ngati chinkhupule, choncho mupakeni katatu. Chitsulo chichotseni dzimbiri lonse, chipakeni red oxide, kenako penti wa mafuta kawiri. Ngati mukupala penti wakale, nyowetsani sandipepa ndipo phimbani kukamwa ndi mphuno, chifukwa penti wina wakale ali ndi mtovu.

Mtundu wa penti wa pansi uli ndi ntchito yake. Wachikasu amabisa timipata timene tsamba laphonya. Wofiira ngati katondo amapatsa golide kutentha, ndipo akayamba kuperepeseka m'makona amaoneka ngati katundu wakale wosamalidwa bwino. Pentiyo aume masiku angapo. Akakhala wosakhwima, golide amamatirira paliponse, ngakhale pamene simunafune. Ngati mukukuta mizere yokha kapena zilembo, yambani mwawaza paudala wa ana pamalo onse n'kupukuta mopepuka, kuti tsamba ligwire pokhapo pamene mwapaka mafuta.

Mafutawo pakani ngati mukuumira. Burashi ikhale yongonyowa pang'ono, ndipo muwafalitse mpaka pasakhale mzere kapena dontho. Akadikha m'zosema, pamwamba pake pamauma koma pansi pali pamadzi, ndiye pakapita masiku golide amachita makwinya.

Tsopano kudikira. Pali mafuta a maola 3 ndi a maola 12, koma nambala imeneyi ndi ya chipinda chouma chosatentha kwambiri. Kutentha kwa mu Okutobala kumaifupikitsa, chinyezi cha mu Januwale kumaitalikitsa, nthawi zina ndi maola ambiri. Choncho pakaninso kathabwa kena kapadera nthawi yomweyo kuti muziyeserapo. Pindani chala n'kukhudza ndi kuseri kwake. Mafuta akatsalira pakhungu, sanafike. Akamakoka khungu pang'ono osasiya kanthu, ndipo mukakhwekhwereza chala pakumveka kulira kwakung'ono, nthawi yakwana. Mukafulumira, mafuta amadutsa m'tsamba n'kulimiza, golide n'kuoneka wakufa, ndipo palibe chokonza kupatula kudikira kuti paume n'kuyambanso. Mukachedwa, tsamba limagwira mwa apo ndi apo.

Pakati pa awiriwa, a maola 12 ndi abwino kuposa a maola 3 pafupifupi pa chilichonse. Amadzisalaza okha asanaume, amapereka kuwala kochuluka, ndipo akafika pomata amakhala choncho maola ambiri. Mupake madzulo, mumate m'mawa. A maola 3 amakupatsani ola limodzi kapena awiri omatira, choncho mpando wonse muyenera kuugawa zigawo. Ntchito yawo ndi ya panja, pomwe simungasiye mafuta usiku wonse fumbi ndi tizilombo zikugwerapo.

Pomata, tsamba lililonse likwere linzake mamilimita 2 kapena 3. Dindani ndi thonje kudzera pa pepala, kenako sesani zotsala ndi burashi yofewa ngati ya paudala wa kumaso. Tizidutswa totsalato tisungeni m'kabotolo, n'tothandiza kutseka timipata. Siyani mlungu wathunthu kapena kuposerapo musanagwiritse ntchito. Golide wa pa mafuta sapukutidwa ndi mwala monga zimachitikira pa njira ya madzi, chifukwa pansi pake ndi pofewa ndipo amang'ambika. Kuwala kwake ndi kofatsa, kofanana paliponse. Nsanza zimene mwapukutira mafuta musaziunjike pakona. Mafuta a linseed akamauma amatentha, ndipo mulu wa nsanza umatha kuyaka wokha. Ziyanikeni chotambasula panja kapena ziviikeni m'madzi.

Guluu wa akiriliki

Uyu ndi woyera ngati mkaka. Mukapaka, pakatha mphindi 15 mpaka 30 amasanduka woonekera, ndipo pamenepo mukhoza kumata. Amakhala womata tsiku lonse kapena kuposa, alibe fungo, burashi mumatsuka ndi madzi. Pa tsamba loyerekeza, pa zokongoletsera za m'nyumba, pa chikho chosamwera kapena felemu ya chithunzi yotsika mtengo, palibe chomuposa pa changu.

Koma sakhwima kwenikweni. Pansi pa tsamba amakhalabe ngati labala, choncho chikhadabo chimasiya mzere, ndipo pa dzuwa amafewa. Sadzisalazanso yekha, ndiye mizere ya burashi imaonekera yonse. Mungaichepetse pothira madzi pang'ono ndi kugwiritsa burashi yofewa kwambiri. Panja sakhalitsa. Kumata golide wa makarati 23 pa guluu ameneyu n'kutaya ndalama, chifukwa tsamba labwino limangotengera maonekedwe a pulasitiki amene ali pansi pake.

Njira ya madzi

Kuwala konga kwa galasi kumene mumaona pa mafelemu akale a ku France ndi ku Italy kumachokera ku njira iyi yokha. Maziko ake ndi akale kwambiri: tiakachisi ta matabwa timene wofukula zakale Howard Carter anapeza m'manda a Tutankhamun, mfumu ya ku Egypt, manda amene anawatulukira mu 1922, tinali tokutidwa ndi golide pamwamba pa choko chosakaniza ndi guluu, ndipo tinali titakhala zaka zoposa 3,000. Chimawononga ntchito yotere ndi chinyezi, ndipo mfundo imeneyi muisunge.

Zonse zimayambira pa guluu wa zikopa za akalulu, amene amagulitsidwa ngati timibulu. Viikani gawo limodzi m'magawo 10 a madzi, poyeza kulemera, usiku wonse. M'mawa ikani chitinicho m'poto wa madzi otentha kuti asungunuke. Asapitirire madigiri 60 ndipo asawire, chifukwa akawira amataya mphamvu. Kuti mudziwe ngati ali bwino, ziziritsani pang'ono mu firiji mpaka agwirane, kenako mubooleni ndi chala. Akang'ambika mosiya m'mphepete mokhakhala, ali bwino. Akakana kung'ambika ndi wolimba kwambiri, thirani madzi. Nyengo yotentha guluuyu amawola m'masiku awiri. Mu firiji amatha mlungu. Akayamba kununkha kapena kukana kugwirana, mutayeni.

Pakani guluu wofunda pa thabwa losapaka kanthu, liume usiku. Apa n'posiyana ndi njira ya mafuta: thabwa liyenera kumwa, choncho penti kapena vanishi wakale achoke yense.

Kenako gesso, ndiye kuti choko chosakaniza ndi guluu. Sefani ufa wa choko, umene amautcha whiting, pang'onopang'ono m'guluu wofunda mpaka ufawo utulukire pamwamba ngati kachilumba. Usiyeni umire wokha, takasani mofatsa osachititsa thovu, sefani pa sokosi ya nayiloni. Akhale ngati phala lamadzimadzi la mwana, wofunda ngati thupi la munthu. Pakani ulendo 8 mpaka 12 tsiku limodzi, ulendo uliwonse pamene wapitawo wasiya kunyezimira koma sanaumiretu, ndipo muzisinthasintha kolowera burashi. Zolakwika za pano zimadziwika ndi zizindikiro zake. Timabowo ngati ta singano ndi thovu, lochokera ku kutakasa mwamphamvu kapena kutenthetsa kwambiri, ndipo kabowo kakabadwa pa ulendo woyamba kamatsatira mpaka womaliza ngati simukatikita ndi chala. Ming'alu ndi guluu wolimba kwambiri kapena kuumitsa padzuwa. Gesso wotsalira m'manja ngati ufa ndi guluu wofooka. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumalo ozizira ngati ku Dedza, gesso amagwirana pa burashi musanamalize mzere, choncho poto wa madzi ofunda asachoke pafupi.

Akauma tsiku limodzi kapena awiri, salazani ndi sandipepa ya 320, kenako 400 ndi 600, mpaka pamveke ngati mbale ya dothi yopaka. Unikani ndi tochi chopingasa kuti muone mizere yotsala.

Pamwamba pake pamabwera dongo losalala kwambiri lotchedwa bole, lachikasu kapena lofiira, losakaniza ndi guluu yemwe uja mpaka likhale ngati mkaka wokhuthala. Lachikasu lipite ponseponse kamodzi kapena kawiri, lofiira lipite katatu pamalo otukuka amene mudzapukute. Likauma, likwecheni ndi burashi youma yolimba mpaka liyambe kuwala. Dongo limeneli ndi katsamiro kamene kamalola mwala kukanikiza golide osamung'amba.

Madzi omatira ndi magawo 4 a madzi oyera, gawo limodzi la spiriti, ndi kasupuni kakang'ono ka guluu m'kapu imodzi. Tsekani mawindo. Pendeketsani felemu kuti madzi azitsetserekera kumene simunafike, ndipo yambirani kumtunda. Dulani tsamba pa katsamiro, pititsani burashi ya gologolo pa tsaya lanu kuti itenge timafuta ta khungu, nyamulani tsamba, nyowetsani malo okwana tsamba limodzi, ndipo mukaliyandikiza madzi amalikoka lokha. Madzi akayenderera pamwamba pa golide amene mwamata kale amasiya banga losachoka.

Kupukuta kumachitika ndi mwala wolimba wosalala wotchedwa agate, wopindika ngati dzino la galu. Nthawi yake imadalira nyengo, mwina maola awiri, mwina mawa lake. Gogodani pang'ono ndi mwalawo: pakamveka phokoso louma lakuthwa, pukutani, pakamveka logonthera, pansi pakadali chinyezi ndipo mwala ung'amba tsamba. Pukutani malo otukuka okha, okuya muwasiye osawala. Kusiyana kumeneku, kowala pafupi ndi kofatsa, ndiko kumapatsa zosema moyo, ndipo njira zina zonse sizingakupatseni.

Mtengo wa kukongolaku ndi mlungu wathunthu pa felemu imodzi, masamba ambiri owonongeka pophunzira, ndi ntchito yoopa madzi moyo wake wonse. Nsanza yonyowa imachotsa golide ulendo umodzi. Khoma lachinyontho la nthawi ya dzinja limafufumitsa gesso n'kubweretsa nkhungu, ndipo mphemvu zimadya guluu wa zikopa. Felemu yotere ipachikidwe pakhoma la m'kati mwa nyumba, ndi timatabwa tiwiri kuseri kuti mpweya uzidutsa.

Penti ndi phula la golide

Penti wa golide, wa m'chitini kapena wopopera, si tsamba ndipo diso limadziwa. Wopangidwa ndi ufa wa mkuwa amawala miyezi yoyamba kenako amasanduka wakhofi. Wopangidwa ndi ufa wa mwala wonyezimira wotchedwa mica sada, koma amaoneka ngati penti basi. Phula la golide, lotikita ndi chala, ndi labwino kudzutsa nsonga za zosema kapena kubisa pokandika pang'ono, koma limafewa potentha, limadetsa zovala, ndipo vanishi sagwira pamwamba pake. Chimene tikukupemphani n'chimodzi: musapake penti ameneyu pa felemu yakale ya golide weniweni pofuna kuitsitsimutsa. Pentiyo adzada, golide amene mwakwirira akanakhalabe wowala, ndipo kumuchotsa popanda kuwononga za pansi ndi ntchito yovuta kwambiri.

Chinthu ndi njira yake

Mipando ya akwati yobwereketsa, imene imakwezedwa pa lole Loweruka lililonse, isayandikire golide weniweni. Tsamba loyerekeza pa mafuta a maola 12, lophimbidwa ndi shellac kamodzi kenako vanishi woonekera kawiri, limawala mokwanira pa zithunzi ndipo likagumuka mumakonza ndi ndalama zochepa. Vanishi wa madzi asakhudze tsambalo mwachindunji, chifukwa ena ali ndi amoniya amene amadetsa mkuwa. Shellac ndiye akhale pakati. M'mikono ya mpando ndi pena paliponse pogwira manja, penti wamba wolimba amaposa tsamba lililonse.

Mtanda wa pa denga la tchalitchi, nsonga za geti ndi zilembo za chikwangwani zimafuna golide wa makarati 23 kapena kuposa, womatidwa pa pepala, pa mafuta. Musapake vanishi pamwamba. Golide sachita dzimbiri, koma vanishi amasweka ndi dzuwa n'kusupuka pamodzi ndi golideyo. Pamwamba pa tebulo, njira iliyonse imene mwasankha, ikanipo galasi.

Ziboliboli zambiri zogulitsidwa m'misika zimapakidwa polishi wa nsapato kuti ziwale, ndipo pa phula palibe chomatira chimene chimagwira. Tsukani malo amene mukufuna kukuta ndi thinala kangapo mpaka nsanza isiye kuda, kenako shellac kawiri, kenako mafuta. Mphika wa dothi wodzalamo maluwa umadutsitsa madzi kuchokera m'kati, ndipo madziwo amakankha golide. Utsekeni m'kati ndi kunja, kapena ikanimo chitini china chosungira dothi. Mbale ndi makapu odyera zisiyeni. Mzere wa golide wa pa makapu a m'sitolo ndi wowotchedwa mu uvuni, pamene tsamba lomata limachoka potsuka, ndipo chomatira chake si choyenera kukamwa.

Galasi lili ndi njira yakeyake. Golide amamatidwa kuseri kwake ndi madzi ofunda osungunuliramo kachidutswa ka gelatine kosaposa chikhadabo m'kapu imodzi. Gelatine akachuluka, golide amachita chifunga. Pakauma, pukutani ndi thonje, matani tsamba lachiwiri, kenako phimbani ndi penti wa mafuta. Kutsogolo kumaoneka ngati kalilole wa golide, ndipo galasilo ndilo limamuteteza, choncho thireyi yotere mukhoza kuipukuta ndi nsanza yonyowa.

Ngati mwapeza felemu yakale ndipo mukufuna kudziwa mmene inakutidwira musanaikonze, yang'anani mizere pamene masamba anakwerana. Ikatalikirana masentimita 8 kapena kucheperapo, mwina ndi golide weniweni. Ikafika 14 kapena 16, ndi woyerekeza. Kenako nyowetsani kathonje pa kamtengo ka machesi n'kukhudza pamalo obisika, m'mphepete mwa pansi. Golide akachoka n'kuonetsa dongo lofiira kapena lachikasu, ndi ya madzi, ndipo fumbi lake muzichotsa ndi burashi yofewa youma yokha. Akapanda kusuntha, ndi ya mafuta kapena inaphimbidwa ndi vanishi, ndipo imeneyo muitalikitse ndi thinala ndi spiriti.